BULEKI YA NGOLO: KUYENDETSA NDI KUKUNGA WAYA WAKE

Alimi anzathu a ku Lundazi, nyengo ya kututa ikafika ngolo sipuma. M'mawa iri ku munda kukatenga cimanga, masana iri pa mseu ndi matumba a nshawa, nyemba kapena thonje, ndipo munthu akadwala usiku, ndi ngolo yomweyo imene imtengera ku cipatala. Ziri comweco kwa Mwase, ziri comweco ku Emusa ndi ku Lumezi, madera amene anali a boma limodzi la Lundazi kufikira m'caka ca 2018, pamene Chasefu ndi Lumezi anakhala maboma paokha.

Koma ngolo zambiri zimene tiziona m'miseu yathu ziribe buleki. Mwini wake anagula matayala abwino, anakhoma matabwa olimba, anapaka utoto ndi kulemba dzina kumbuyo, koma coimitsira ngoloyo sanaciganizire. Codabwitsa ndi cakuti pa ngolo zambiri zotere buleki iripo kale, yabisala m'kati mwa magudumu. Cimene cisowa ndi waya woikoka. Phunziro lathu la lero ndi la waya ameneyo: poyamba njira imene ayenera kuyendamo pansi pa ngolo, ndipo kenaka makungidwe ake.

CIFUKWA CAKE NGOLO IFUNA BULEKI

Dziko la kumtunda kumene kuli ng'ombe lioneka ngati lathyathyathya, koma mlimi ali yense adziwa potsetsereka pa kwao: polowa m'dambo, potsikira ku mtsinje wa Lundazi kapena wa Lumezi, kapena pocoka pa mseu waukulu wa ku Chipata kulowa m'kanjira ka kumudzi.

Tiyeni tiwerenge pang'ono. Tinene kuti mwakweza matumba 15 a cimanga, liri lonse la makilogalamu 50, monga aja amene mupereka ku Food Reserve Agency. Amenewo ndi makilogalamu 750. Tinenenso kuti ngolo payokha ilemera makilogalamu 250. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 1,000. Pa malo amene nthaka itsika mita 1 pa mamita 10 ali onse, katundu ameneyo akankha kutsogolo ndi mphamvu yofika pafupi ndi makilogalamu 100, ndiko kuti ngati matumba awiri athunthu akukankha ng'ombe zanu kuyambira pamwamba kufikira pansi.

Tsono taonani goli. Ng'ombe zathu za mtundu wa Angoni ziri ndi linunda, ndipo pokoka goli litsamira pa linundalo. Goli linapangidwira kukoka. Ngolo ikayamba kukankha, goli licoka pa linunda ndi kuthawira ku nyanga ndi ku makutu, ndipo cingwe ca pansi pa khosi cikanyanga ng'ombe. Ng'ombe ikamva kuwawa ithamanga. Ikathamanga ngolo nayo ithamanga. Mapeto ake ndi mtanda wothyoka, mwendo wa ng'ombe wothyoka, kapena ngolo yogubuduka ndi anthu ali momwemo.

Ena amakoka cipika kumbuyo kwa ngolo. Ena amamanga gudumu limodzi ndi cheni kuti likhukhuluzike, ndipo tayala litha msanga. Ena amatuma mwana kuti athamange pambali ndi mwala m'manja, aponye pansi pa gudumu. Njira yotsirizayi ndiyo yoopsa koposa zonse, ndipo tikupemphani kuti muileke.

BULEKI IRI KALE M'EKISELO

Ku England kuli anthu amene agula galimoto m'zidutswa ndi kuilumikiza okha kunyumba. Galimoto yochuka ya mtundu umenewu ndi Lotus Seven, imene Colin Chapman anayamba kugulitsa m'caka ca 1957, ndipo kampani ya Caterham inatenga nchito yoipanga m'caka ca 1973. Anthu omanga magalimoto otere kawiri-kawiri atenga ekiselo ya galimoto yina ndi kuiika pa thupi latsopano. Amisiri athu a zitsulo acita cimodzi-modzi: atenga ekiselo ya kumbuyo ya galimoto yakufa ndi kumangapo ngolo. Cotero bvuto lao ndi lathu ndi limodzi. Waya wa buleki anapangidwira thupi lina, ndipo tsopano tiyenera kumpezera njira pa thupi latsopano.

Buleki imene tinena iri m'dilamu, ndico cimbale cacitsulo cimene gudumu limangidwapo. Buleki ya mtundu umenewu ndi yakale; Louis Renault wa ku France anaipanga m'caka ca 1902. M'kati mwa dilamu muli nsapato ziwiri zopindika. Zikatanuka zikhuza dilamu ndipo gudumu liima. Pa galimoto nsapatozi zitanuka mwa njira ziwiri: ndi mafuta, woyendetsa akaponda ndi phazi, kapena ndi waya, akakoka buleki ya pamanja. Pa ngolo njira ya mafuta tiisiya. Tifuna ya waya yokha.

Si ekiselo iri yonse imene iri ndi njira ya waya. Pa Land Rover yakale buleki ya pamanja siiri ku magudumu, iri pakati pa galimoto kumbuyo kwa giya. Cotero ekiselo yake, ngakhale iri yolimba, iribe pokoka ndi waya. Maekiselo a kumbuyo a magalimoto monga Peugeot 404, Nissan 1400 ndi Toyota Hilux ali nayo njirayo. Pogula, suzumirani kuseri kwa dilamu. Mukaona waya wolowa m'kati, kapena kaboo kake, kapena kamkono kacitsulo koturukira kunja, ekiseloyo ndi yoyenera.

Musagule ekiselo yokha. Pemphaninso madilamu onse awiri, nsapato ndi masipuling'i ake, mawaya onse ndi zimake zake, kacitsulo kolumikiza mawayawo, ndi ndodo ya buleki ya pamanja pamodzi ndi mano ake. Muuzeni mmisiri asanayambe nchito kuti asacotse kanthu m'madilamu, ndiponso kuti ekiselo ikhale monga inakhalira pa galimoto, kutsogolo kwake kukhale kutsogolo, kuti mawaya aloze kumene kuli ng'ombe.

MOMWE WAYA AGWIRIRA NCHITO

Amene muli ndi njinga yamoto, kapena njinga ya mabuleki a waya, mwamuona kale waya wa mtundu uwu. Ali ndi zigawo ziwiri: waya wa m'kati wopotedwa ndi tinsambo tambiri, ndi cimake cakunja cimene wayayo ayendamo. Dzina lake ndi waya wa Bowden, potsata Ernest Bowden amene analembetsa luso limeneli ku England m'caka ca 1896.

Cinsinsi cake ndi ici: waya wa m'kati akamakoka, cimake cikankha. Cifukwa ca ico cimake ciyenera kutsamira pa cinthu cosagwedezeka ku nsonga zonse ziwiri. Nsonga imodzi itsamira pa mbale ya kuseri kwa dilamu. Nsonga yina itsamira pa kacitsulo kamene mmisiri aocherera pa felemu ya ngolo. Kacitsulo kameneka kakakhala kopyapyala, kapena kakakhomedwa pa thabwa, mphamvu ya mkono wanu ithera pa kukapinda, ndipo ku gudumu sikufika kanthu. Kakhale ka citsulo cocindikala mamilimita 5 kapena kuposapo.

Cinanso coti mudziwe ndi kacitsulo kolumikiza. Ndodo ndi imodzi koma magudumu ndi awiri. Waya wocokera ku ndodo agwira pakati pa kacitsulo kakafupi, ndipo mawaya awiri a ku magudumu agwira ku nsonga zake. Ife tikacha kagoli, pakuti kagwira nchito monga goli la pa khasu la ng'ombe: cheni ciri pakati, ng'ombe yina uku, yina uko. Kagoli kagawa mphamvu molingana kuti gudumu lina lisagwire kuposa linzake. Kayenera kupendeka momasuka. Mmisiri asakaocherere, ndipo nati isakapanikize pa felemu. Pa maekiselo ena waya mmodzi ayenda motsata ekiselo ndi kukoka timikono tiwiri ta kunja kwa madilamu. Mukapeza cotero, zisiyeni monga anazipangira, inu mungofikitsa waya wa ku ndodo.

YAMBANI NDI M'DILAMU

Waya wabwino sangathandize nsapato zakutha. Cotero musanayendetse waya, bvulani magudumu ndi madilamu, ndipo onani zinthu zinai izi.

1. Pfumbi. Musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi pompi. Nsapato zakale zambiri zinapangidwa ndi asibesitosi, ndipo pfumbi lake likalowa m'mapapo lidwalitsa matenda osacira amene aoneka patapita zaka zambiri. Pukutani ndi nsanza yonyowa, ndipo nsanzayo muikwirire pansi. Ana akhale kutali.

2. Cikopa ca pa nsapato, cimene cikhuza dilamu. Cikacepera mamilimita 2, kapena misomali yake ikayamba kuonekera pamwamba, gulani nsapato zina, ndipo musinthe za magudumu onse awiri nthawi imodzi.

3. Mafuta. Mukapeza mafuta akuda pa nsapato, ndiye kuti cochinga mafuta ca ku nsonga ya ekiselo catha. Cisintheni. Nsapato yomwa mafuta siigwiranso, ngakhale muitsuke ndi petulo.

4. Kamkono kamene waya akoka. Kayende momasuka. Ngati kacita dzimbiri, kapaleni ndi kupaka girisi pang'ono polumikizira pokha. Girisi asakhudze cikopa ca nsapato kapena m'kati mwa dilamu.

Kumtunda, pakati pa nsapato ziwirizo, mudzaona kabotolo kacitsulo kamene kanali kulandira mafuta a buleki. Ngakhale sikagwiranso nchito, musakacotse, pakuti mitu ya nsapato itsamira pamenepo. Tsekani kaboo ka paipi yake kuti madzi ndi matope zisalowe.

POIKA NDODO

Ndodo ikhale ku ngondya ya kutsogolo kwa ngolo, pamalo pakuti munthu wokhala pa ngolo aifikire, ndi woyenda pansi pambali aifikirenso osalowa pakati pa gudumu ndi ng'ombe. Kwezani maganizo anu pa ngolo yodzaza: kodi matumba kapena mitolo ya thonje sizidzaikwirira? Ndodo yokwiririka ndi katundu iri ngati ndodo yotsala kunyumba.

Imangeni ndi mabauti pa citsulo ca felemu, osati pa matabwa, cifukwa thabwa liuma, lifota, ndipo bauti igwedera. Gwiritsani ndodo ya galimoto yeni-yeni, yokhala ndi mano ndi kabatani komasulira, kuti buleki ikhale yogwira inu mutacotsapo dzanja.

Mphamvu ya ndodo icokera m'utali wake. Ngati pogwira dzanja pali masentimita 40 kucokera pa cikhomo cimene ndodo izungulirapo, ndipo waya wamangidwa masentimita 5 kucokera pa cikhomo comweco, mphamvu yanu icuruka kasanu ndi katatu. Mukakoka ndi mphamvu ya makilogalamu 20, waya akoka ndi 160, ndipo kagoli kapereka 80 ku gudumu liri lonse. Apa muona cifukwa cake tizitsulo togwira waya tiyenera kukhala tolimba. Musasunthe malo amene waya amangidwa pa ndodo. Mukawasendeza kutali ndi cikhomo ndodo iuma ndipo mphamvu icepa. Mukawasendeza pafupi ndodo itha ulendo wake nsapato zisanagwire.

NJIRA YA WAYA

Tsopano tafika pa mtima wa phunziro lathu. Musanaocherere kanthu, gonekani mawaya pansi pa ngolo ndi kuwamangirira ndi luzi kapena mphira, muone momwe afunira kugona. Mawaya awiri a galimoto nthawi zina sakhala ofanana utali. Musawakakamize. Pamene nsonga zao zikomana popanda kukoka, pamenepo ndi pamalo pa kagoli, ngakhale pasakhale pakati peni-peni pa ngolo. Mukakhutira, lembani malo a tizitsulo tonse ndi coko, cotsani mawaya, ndipo mmisiri aocherere. Mawaya asakhalepo pa nthawi ya kuocherera, pakuti moto usungunula za m'kati mwa cimake, ndipo magetsi a makina akadzera m'waya amfooketsa.

Malamulo a njira ya waya ndi awa.

Loyamba, njira ikhale yolunjika monga kungathekere. Popindika pali ponse padya mphamvu.

Laciwiri, popindika pakhale potakasuka. Tengani licero la amai a kunyumba muyerekeze: waya asapindike koposa mkombero wa licero. Waya wopindika ngati cigongono auma, ndipo tinsambo take tiduka kamodzi-kamodzi m'kati momwe simuona.

Lacitatu, waya ayende pamwamba, motsamira felemu, asalendewere pansi pa ekiselo. Ngolo iyenda m'minda momwe muli zitsa, mapesi ndi mizere. Citsa cikakola waya, mwina cimdula, mwina cimanga buleki mwadzidzidzi ng'ombe ziri pa liwiro.

Lacinai, cimake cigwiridwe ndi tizitsulo pa masentimita 30 kapena 40 ali onse. Tizitsulo timeneti ticigwire koma tisacifinye. Paliponse pamene cimake cikhudza m'mphepete mwa citsulo, cibvekeni kacidutswa ka paipi ya mphira.

Lacisanu, pakati pa waya ndi tayala pakhale danga lolowa zala zitatu. Kumbukirani kuti m'dzinja tayala linenepa ndi matope.

Lacisanu ndi cimodzi, waya wa m'kati aturuke m'cimake molunjika, osakhula m'kamwa mwa cimake. Kacitsulo kotsamirapo cimake kaloze kumene waya apita. Ngati ndodo iri ku ngondya ndipo kagoli kali pakati, gawo la kutsogolo likhalenso la waya wa m'cimake, lokhota pang'ono-pang'ono. Waya wamaliseche asakhote pa bauti kapena pa ngondya ya citsulo.

Lacisanu ndi ciwiri, kukamwa kwa cimake kuweramire pansi pang'ono kuti madzi aturuke, asalowe. Timphira ta ku nsonga tikang'ambika tisintheni.

Ngolo zambiri ziribe masipuling'i, ndipo ekiselo imangidwa pa felemu. Koma ngati yanu iri nao, siyani cimake cotakasuka pakati pa felemu ndi ekiselo, ndipo muyese ngolo iri yopanda kanthu ndiponso iri yodzaza. Cimake cikacepa, buleki idzadzimanga yokha pa mabampu.

Waya akatalika musammange mfundo. Mfundo ifooketsa waya ndipo ikhwepa tsiku ndi tsiku. Pindani nsonga yake pa kamphete kacitsulo ndi kuipana ndi zopanira zitatu za mtundu wa U. Mbali yopindika ya copanira ikhale pa nsonga yotsala, ndipo kampando kake kakhale pa waya wokoka. Waya akafupika, muonjezereni ndodo yacitsulo ya mazinga ku mbali ya kagoli. Musamlumikize ndi waya wa mpanda kapena wa matayala. Potsiriza ikani sipuling'i imodzi yokokera kagoli kumbuyo, kuti mukamasula ndodo mawaya abwerere.

KUKUNGA: NSAPATO POYAMBA, WAYA PAMBUYO

Pano ndi pamene ambiri alakwa. Aona ndodo ikukwera kufikira kumapeto, ndipo athamangira kumanga nati ya waya. Koma kawiri-kawiri colakwa ciri m'dilamu, momwe nsapato zatalikirana ndi citsulo. Mukacotsa danga limenelo ndi waya, kamkono ka m'dilamu kakhala kokokedwa kale, kataya mphamvu yake, ndipo buleki ikhuza poyenda koma osagwira poima. Tsatani ndondomeko iyi.

1. Masulani ng'ombe. Imikani ngolo yopanda katundu pamalo osalala, ndipo mucirikize mtanda wa kutsogolo.

2. Kwezani ekiselo kuti magudumu onse awiri acoke pansi, ndipo muikhazike pa zipika zolimba. Musalowe pansi pa ngolo imene yakhala pa jeke yekha.

3. Tsitsani ndodo kufikira pansi, ndipo masulani nati ya pa kagoli kufikira mawaya alende.

4. Kuseri kwa dilamu kuli cosendezera nsapato. Pa maekiselo ena ndi kagudumu ka mano kamene mutembenuza ndi sikuludiraiva kudzera pa kaboo. Pa ena ndi kamutu ka ngondya zinai kotembenuza ndi sipanala. Tembenuzani kufikira gudumu likana kuzungulira. Kenaka bwezani pang'ono-pang'ono kufikira lizungulira ndi dzanja limodzi, mukumva kamkwasa kakang'ono kokha. Citani comweco ku gudumu linalo.

5. Kokani ndodo ndi kuimasula kangapo kuti nsapato zikhale pakati, ndipo muyesenso magudumu.

6. Tsopano mangani nati ya pa kagoli kufikira kulenda kwa mawaya kutha, koma timikono ta m'madilamu tisanayambe kusuntha.

7. Kokani ndodo mukuwerenga kulira kwa mano. Pa dzino laciwiri kapena lacitatu magudumu ayambe kuuma. Pofika pa dzino lacisanu, lacisanu ndi cimodzi kapena lacisanu ndi ciwiri, mwamuna wamphamvu alephere kuwazunguza ndi manja awiri. Ndodo zisiyana mano, koma lamulo ndi limodzi: buleki igwire ndodo isanapitirire pakati peni-peni pa ulendo wake ndi pang'ono, kuti patsale mano ena a mawa.

8. Ndodo iri yokokedwa, yang'anani kagoli. Kakhale kopingasa bwino. Ngati kapendekera mbali imodzi kwambiri, ndiye kuti nsapato za mbali yina zikali kutali, kapena waya wina wauma m'cimake. Bwererani ku dilamu. Musakonze ndi nati.

9. Masulani ndodo. Magudumu onse awiri azungulire momasuka monga poyamba. Akatero, mangani nati yaciwiri pamwamba pa yoyamba kuti isamasuke ndi kugwedezeka kwa mseu.

Waya watsopano atamuka. Mkokeni mwamphamvu kakhumi ndi kuonanso nati, ndipo muonenso patapita sabata limodzi la nchito.

KUYESA NDI KUPHUNZITSA NG'OMBE

Musayese buleki yatsopano ndi katundu wodzaza pa citsetso ca ku mtsinje. Yambani pabwalo, ngolo iri yopanda kanthu, anthu akukankha. Mukamanga buleki ngolo iime molunjika. Ikapotolokera mbali imodzi, gudumu la mbali imeneyo ndilo likugwira lokha. Kenaka mangani ng'ombe. Kulira kwa mano a ndodo ndi kwacilendo kwa izo, ndipo zina zidzidzimuka. Nenani mau anu oimitsira ng'ombe poyamba, ndipo mukoke ndodo pambuyo pake, kufikira zitazolowera kuti mau ndi kulirako ndi cinthu cimodzi. Pambuyo pake yesani potsetsereka pang'ono ndi theka la katundu, ndipo potsiriza ndi katundu yense.

Mutayenda mtunda wa kilomita 1 pamalo osalala osagwira ndodo, yandikizani dzanja ku madilamu. Akhale ozizira. Dilamu yofunda isonyeza kuti nsapato zikhuza, ndipo ng'ombe zanu zikukoka katundu amene simunakweze.

Potsika citsetso, mangani buleki musanayambe kutsika, osati ngolo itathamanga kale. Gwirani kabatani ndi cala ndipo mukoke pang'ono-pang'ono kufikira goli libwerera pa linunda. Cizindikiro canu ndi goli limenelo. Musamange kufikira magudumu aime, cifukwa tayala lokhukhuluzika litha ndipo ngolo iterereka cam'mbali. Dziwaninso kuti pa ngolo ya magudumu awiri, kutsika ndi kumanga buleki kuonjeza kulemera pa makosi a ng'ombe. Cotero pokweza katundu, wolemera akhale pamwamba pa ekiselo, asaunjikane kutsogolo.

Mukaima pokwera kapena potsika, mangani buleki ndipo muikenso mwala kapena cipika ku gudumu. Citani izi musanamasule ng'ombe. Ana akonda kusewera pa ngolo yoima, ndipo kabatani kamasuka ndi cala ca mwana.

KUSAMALA

Mukaoloka mtsinje kapena dambo la madzi, nsapato zinyowa ndipo sizigwira. Yendani mamita owerengeka mutakoka ndodo pang'ono kuti ziume, musanafike potsetsereka pena.

Ngolo ikakhala masabata ambiri osayenda, makamaka m'dzinja, musaisiye ndi buleki yomanga, pakuti nsapato zimamatira ku dilamu ndi dzimbiri. Iikeni pamalo osalala, miyala ku magudumu, ndodo iri pansi.

Kamodzi pa mwezi gwadani muyang'ane pansi pa ngolo. Cotsani udzu ndi matope pa kagoli, dontheza mafuta pa mazinga a nati, pa cikhomo ca ndodo ndi pa mano ake. Waya wakale wa cimake ca citsulo cokha afuna mafuta; watsopano wokhala ndi pulasitiki m'kati sawafuna, mungompukuta. Mukaona kansambo kamodzi kataduka, kapena cimake citatupa ndi dzimbiri, gulani waya wina. Kansambo kamodzi kakaduka tinzake titsata, ndipo waya saduka pabwalo, aduka pa citsetso pamene mwamkoka ndi mphamvu zonse.

Nchito yonseyi icitike m'mwezi wa April, cimanga cisanaume, pamene mmisiri ali ndi nthawi ndipo ngolo ingathe kugona masiku awiri. Mtengo wa waya, tizitsulo ndi nsapato ndi wocepa poyerekeza ndi mtengo wa ng'ombe imodzi yophunzira goli, imene munailera zaka zitatu kapena zinai. Ngati pali pena pamene simunamvetse, tengani tsamba lino mupite nalo kwa mmisiri wa zitsulo kapena kwa makanika amene mumkhulupirira, muwerenge pamodzi muli pambali pa ngolo yanu, ndiponso funsani Mlangizi wa Malimidwe wa m'dera lanu. Akulu anati safunsa anadya phula.